Ku Halale Ukakhale Mwana wa Simoni

Timoti mwana wanga,

Amako akukazinga chimanga cha kamba wako, ine ndakhala kuseri kwa nkhokwe ndi pensulo dzuwa likadalipo. Ndikulemba chifukwa iwe ndi ine tikayamba kuyankhula sitimaliza. Ine ndimakweza mawu, iwe umawerama n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi, kenaka amako amabwera kudzatiitana, nkhani n'kufera pomwepo. Ndalemba m'Chinyanja cha amako, osati m'Chitumbuka, kuti uyambiretu kuzolowera, pakuti ukangowoloka Zambezi tonsefe amatitcha Anyasa ndipo chimenechi ndicho uzikayankhula. Uwerenge lero lomwe, uli wekha.

Nkhani ukuidziwa, koma ndiinene ndekha kuti usamadzati adada sadaimvetse. Mawa ukunyamuka kupita ku Halale kukaphunzira utelala kwa Madala Yakobe, mkulu wochokera ku Kepi, kummwera kwenikweni, amene adaphunzitsa Simoni Lungu. Mkuluyo adatopa ndi anyamata ongodziwa kupukusa makina n'kuthawa, ndiye adalumbira kuti sadzalandiranso mwana wa munthu, kupatula mwana wobadwa kwa Simoni. Simoni mwana wamwamuna alibe. Choncho iwe Timoti Zimba, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekha, ukupita kumeneko ngati Timoti Lungu. Ndavomera, koma usaganize kuti ndavomera ndi mtima woyera. Simoni ndimamchitira nsanje. Ndidayamba kumchitira nsanje iwe usanabadwe, ndipo mpaka lero belu la njinga yake likalira Loweruka, pochokera ku boma, chakudya chimandiima pakhosi. Malangizo onse amene ali m'munsimu akuchokera kwa munthu wansanje, koma wansanje amaonetsetsa, ndiye uwamve.

Ine ndi Simoni tidakulira khola limodzi kuno kufupi ndi Manyamula. Tidaweta ng'ombe dambo limodzi, tidabooledwa makutu tsiku limodzi, ndipo amene adalira ndi iyeyo. Msonkho utafika kuno tidasowa pogwira. Inenso ndinali nditaona amako, ndipo abale awo, Achewa a ku Kasungu, atamva kuti Mngoni akafuna kupita ndi mkazi kwawo amapereka ng'ombe, mwambo wathu adauphunzira tsiku lomwelo. Tidanyamuka gulu mvula itangotha. Tisanafike n'komwe ku Luangwa mapazi a Simoni adatupa, ndipo mtolo wake ndidausenza ine pamwamba pa wanga. Pa doko lina tidapeza anthu ataphika nyemba ndi nyama m'miphika ikuluikulu, akuitana kuti idyani abale, n'zaulere. Anali olemba anthu a chibalo. Ukadya zawo, wasanduka wawo, amakutengera kumgodi umene anthu onse amauthawa. Simoni anali atatambasula kale dzanja, ine ndidamkoka mkono mpaka adagwa chagada. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikadamsiya adye nyemba zija, bwenzi belu lija silikundisokosa, Mulungu andikhululukire. Iye nkhani imeneyi saikamba, amakamba za mkango umene akuti adauthamangitsa ndi chikuni. Iwe pa doko lililonse udye kamba wa amako, ngakhale atauma bwanji.

Titafika kumgodi, mzungu woyang'anira komponi adayenda pamzere wathu akuyang'ana makutu. Ankakhulupirira kuti Mngoni aliyense woboola makutu ndi msilikali, ndiye ataona msinkhu wanga ndi chifuwa changa adandikoka pamzerepo n'kundipatsa chisoti chofiira, lamba wachikopa ndi chikoti. Ndidakhala polisi wa komponi tsiku lomwelo, pansi osalowako ngakhale kamodzi. Simoni, wamfupi uja, akutsokomola, adamkaniza ngakhale ntchito yokankha ngolo za miyala. Adapita kutauni njala ili m'maso, n'kukapeza ntchito yosesa tinsalu m'sitolo ya Madala Yakobe, malipiro ake chakudya ndi malo ogona pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Ndikapita kukamuona Lamulungu ndinkamuveka chisoti changa kuti alaweko ulemu, ndipo ndinkauza anzathu kuti Lungu wakwatiwa ndi telala. Ankaseka nawo, mano onse pamtunda, monga amasekera mpaka lero. Tsiku limene ndidati ndikupita kwathu, pachipata adandivula chisoti, lamba ndi chikoti n'kuveka munthu wina amene adaima kumbuyo kwanga. Ndidatuluka ndi manja omwewo amene ndidalowa nawo, odziwa kukama ng'ombe basi. Umve bwino, Timoti, pali ntchito yovala ndi ntchito yolowa m'manja. Yovalayo imakoma msanga ndipo atsikana amaiona ali patali. Akakakuitana kuti ukhale mesinjala, kapena mlonda, kapena uzivala zoyera n'kumaperekera mbale patebulo la mzungu, malipiro ake oposa a kwa Madala, ukakane.

Chikoti chija chidandisiyira zina zimene pachipata sadandivule. Lamulo la komponi linkaletsa kufulula mowa m'nyumba. Tsiku lina ndidapeza munthu wa ku Edingeni atabisa mtsuko pansi pa mphasa ndi zovala. Adandigwira mwendo, adanditchula chiwongo, adati ndi mowa wa maliro a mbale wake amene thanthwe lidamgwera pansi. Mzungu adali ataima pakhomo. Ndidautaya, ndipo lamulo linali lamulo, sindidalipange ine. Patapita zaka, ndili kuno, ndidaganiza zoyamba kupha ng'ombe pa boma n'kumagulitsa nyama kwa anthu olambula msewu. Ndidasankha mtheno wonenepa m'khola la agogo ako, ndidaupachika pamtengo, ndipo kapitawo wogulira chakudya anthu amsewuwo atatulukira ndidaona kuti ndi yemwe uja. Adandipatsa moni waulemu, adafunsa za kumudzi, adaigwiragwira nyamayo n'kuyamikira mafuta ake, kenaka adapita kukagula nyemba. Onse amene adakhalako ku Halale, ndipo pa boma ngambiri, adachita chimodzimodzi. Nyama ija ina tidawamba, ina idapita kwa agalu, ndipo agogo ako sadandiyankhule mpaka nthawi yokolola. Akuluakulu adati poyenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza patsogolo. Ine ndidasiya dzanja, ndipo ndidalipeza. Anthu akwathu amene ukawapeze kumeneko atavala masaka ndi omwewo udzawapeze kuno atakhala pamipando, ndiye uzikawapatsa moni onse.

Simoni analibe mphamvu yolanga munthu, ndiye adasanduka wabwino. Ine ndimati n'kuchenjera, amako amati ndi mtima, tisiye zimenezo. Pansi pa tebulo lake paja pankagona aliyense wongofika kumene kuchokera kuno. Ankawaikira zigamba zaulere, ndi tinsalu ta mwini wake tosesa tija, ulemu n'kupita kwa iye. Ankadziwa mzungu uti akufuna wophika, ndani wamwalira kumgodi uti, ndani akubwerera kumudzi woti atengeko bulangeti la mayi a uje. Munthu wakwathu akafa, nsalu yomukulungira ankasoka ndi iye. Lero wadzionera wekha pakhonde la Mmwenye pa boma paja. Wochokera ku Halale aliyense amayamba waima pamenepo asanaone ndi mkazi wake yemwe. Makhaki a amesinjala, madiresi a ukwati, makoti a aphunzitsi a mishoni, zonse zimapita kwa Simoni, chifukwa pena paliponse pali munthu amene adagonapo pansi pa tebulo lija. Khonde lenilenilo adalipeza chifukwa mphwake wa Mmwenyeyo ankagulitsa nsalu kwa Madala Yakobe. Ine nditapita kukapempha kangodya ka khonde lomwelo kuti ndizigulitsirapo zikopa, Mmwenye adandifunsa kuti akundidziwa ndani. Ndikadatchula Simoni akadandipatsa, koma ndidangonyamula zikopa zanga n'kubwerera.

Pobwerera kumudzi tidayendanso limodzi, ndipo sabata yoyamba ija inali yanga, imeneyo asandilande. Ndidalowa m'mudzi nditavala suti yakuda, nsapato zolira, ambulera kumanja, kumbuyo kwanga anthu atasenza bokosi ndi galasi lalikulu loonera thupi lonse. Amayi adaimba nthungululu, ine ndidaliza kositina mpaka zala kutupa. Simoni adalowa pambuyo, telala wathunthu atavala kabudula wong'ambika, atasenza chitsulo chakuda chokulunga m'bulangeti, khosi litapindika. Zonse zimene adagwirira ntchito zidathera pa chitsulocho, ulusi, masingano ndi sizasi. Anthu ankafunsana ngati wabwera ndi mphero ya Azungu. Mayi ake adalira kuti mwana wawo wabwera wopanda ndi shuga yemwe, ndipo ndine ndidawatumizira kambale ka shuga wanga. Galasi lija lidatha tsiku limene tonde adalowa m'nyumba n'kuona tonde mnzake. Kositina makoswe adaidya chikopa. Nsapato zidang'ambika mvula yachiwiri. Chitsulo chija chikulirabe, ndipo chidabala makina ena osokera opalasa ndi mapazi, chidabalanso njinga, ndi nyumba ya njerwa imene ndimaiona ndikangotuluka pakhomo panga m'mawa.

Jekete ya suti ija ndi imene ndimapita nayo kutchalitchi. Itang'ambika pachigongono ndidauza amako kuti asoke pamanja, ndi ulusi umene unalipo, woyera. Lamulungu limenelo Simoni adakhala kumbuyo kwanga. Potuluka adagwira chigongono changa pamaso pa anthu, n'kunena mokoma kuti ndibwere nayo, andikonzera osalipira, ubwenzi wathu ngwakale. Akadandiwomba mbama ndikadamkhululukira msanga. Sindidapite nayo mpaka lero. Iwe pobwera usadzagule zoti amayi akuimbire nthungululu, udzagule zopinda khosi, ndipo akakuseka sabata yoyambayo udzapirire.

Chaka china makina ake adafa. Kachitsulo konyamula ulusi wapansi kadathyoka, ndipo m'dziko lonse lino munalibe kena. Ndikuuze zoona, nyengo imeneyo ndidanenepa. Ndinkapita ku boma popanda chifukwa, mtunda wonse uja, kungokaona khonde lili zii, Simoni atagwira tsaya. Ndinkampepesa ndithu, ndi nkhope yachisoni. Mumtima ndinkati tsopano tafanana, iye ndi chitsulo chake chakufa, ine ndi kositina yanga. Mvula isanagwe kudatulukira Antonyo, Mnyungwe wa ku Tete amene Madala amamtuma maulendo, atamanga kachitsuloko m'kansalu pakhosi ngati chithumwa. Adabweranso ndi mafuta a makina, masingano, ndi mapepala odulira makoti a mtundu watsopano. Uthenga udapita ndi munthu wopita, katundu adabwera ndi munthu wobwera, Simoni osadzuka pampando. Pamenepo ndidazindikira kuti chimene adasenza pamutu chija chinali theka chabe. Theka lina adalisiya ku Halale, munthu wamoyo womukumbukira. Ine kumgodi kuja kulibe woti anganditumizire ngakhale moni. Antonyo yemweyo ndiye akukutsogolerani mawa. Kumudzi kuno sadafikeko, amathera pa boma, ndipo iye wauzidwa kuti ndiwe mwana wa Simoni amene amakhala kumudzi n'kumaweta ng'ombe.

Tsono poti ukupita, ukatenge zonse, usakasiye kanthu. Kusoka si nkhani, ana aakazi a Simoni nawonso amasoka. Nzeru ili pa kuyeza ndi kudula, ndipo ndidamuona Madala ndi maso anga, podula amawafulatira anyamata ake. Ukhale woyamba kuthamanga kukamgwirira nsalu, maso ako ali pa sizasi. Makina akafa usakakondwe kuti wapuma, ukaime pomwepo uone mmene akuwamasulira, kachitsulo kati kakuchoka poyamba, kati kakubwerera pomaliza. Ukadziwe kumene amagula ulusi ndi nsalu, ndipo wogulitsayo akadziwe nkhope yako, osati ya Madala yokha. Ukafunse mpaka akutope nawe, safunsa adadya phula. Mkuluyo akakalamba kwenikweni, maso akayamba kumvuta, uzikamulowetsera ulusi pasingano asanakupemphe. Simoni mawa akuuza zomwezi ngati nzeru zake, atakugwira paphewa. Udzakumbukire kuti wayamba kunena ndine.

Chinthu chimodzi chokha ndidamposa nacho Simoni, ndicho iwe. Akazi ake akachira ndinkatuma amako kuti akamve, ndipo akabwera n'kuti wamkazinso, ndinkapita kukathokoza nawo Mulungu ndi mtima wanga wonse. Iye anali ndi njerwa ndi njinga, ine ndinali ndi mwana wodzasunga khola ndi dzina la Zimba, ndipo usiku ndinkagona tulo. Kenaka ndidayamba kuona. Ndikakutuma ku boma ndi zikopa unkabwera mochedwa, timaulusi tili pamalaya. Pakamwa pako padadzaza "a Lungu akuti". A Lungu akuti nsalu ya khaki imafupika ikachapidwa, a Lungu akuti ku Halale kuli nyali zopanda mafuta, ngati kuti ine ku Halaleko ndidapita nditatsinzina. Ukukumbukira tsiku lija ndidakukalipira chifukwa cha mwana wa ng'ombe amene sadasowe n'komwe? Mlandu wako unali pensulo imene udaika pakhutu, monga amaikira iye. Ndikuganizanso kuti bodza limeneli Simoni adayamba kulinena asanandipemphe, tsiku lina Antonyo atakupeza pakhonde paja ukupukusa makina. Sindidamfunse, chifukwa akadavomera akuseka.

Atabwera dzana kudzapempha, njinga adaisiya patali n'kuyenda wapansi, chipewa kumanja, ulemu wonse. Adakhala pansi, osati pampando. Adazungulira ndi za mvula ndi za matenda a ng'ombe, kenaka adafotokoza za lumbiro la Madala, kuti mkuluyo wakalamba, ndipo mwayi umenewu ukapita wapita.

"Mnyane," adatero, "mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine kumutola yayi, ndikungobwereka. Adzaphunzira, mbwenu adzabwera, ngwanu ndithu."

Ndidamuuza kuti mwambi umenewo amaukonda ndi anthu opanda ana, ndipo kuti dzina la Zimba si jekete yoti munthu avule pachipata. Ndidanenanso zina zimene sindilemba. Iye sadakwiye, munthu ameneyu sakwiya, n'chimene chimandipsetsa mtima. Adangoti yewo chomene, n'kupita kukatenga njinga yake. Iwe unali kuseri kwa nyumba, ndidaona mapazi ako. Madzulo ake sudadye, udangopita kukatsekera ng'ombe. Amako adadikira mpaka utachoka.

"Bambo a Timoti," adatero, "mukufuna mwanayu akapite yekha, wopanda womudziwa, nayenso adzabwere ndi kositina?"

Ndidawayankha kuti akhoza kukhala pano n'kumalima monga ine. Adandiyang'ana, kenaka adayang'ana chigongono cha jekete imene inali pachingwe. Ukudziwa wekha kuti mnyamata wa msinkhu wako pano sakhala, msonkho ndi malowolo zimamtulutsa ndithu. Ukadapita basi, chaka chino kapena chamawa, ndi msinkhu wangawu ndi makutu ako oboolawo, ndipo mzungu wina akadakukoka pamzere. Dzulo m'mawa ndidapita ndekha ku nyumba ya njerwa ija, koyamba kulowamo chiimangire, n'kukanena kuti mtengeni.

Tsono umve, Timoti. Akakaitana kuti Lungu, ukayankhe msanga, osayamba wacheuka kuona ngati akuitana wina. Madala akakafunsa za abambo ako, ukanene za njinga ndi khonde, ndipo nkhani ya mkango ija ukaivomereze. Anthu akwathu amene akudziwa zoona sakaulula, onsewo ndi a Simoni. Mlandu wa bodzali pamaso pa Mulungu ukhale pa ine ndi iye, iwe wangotumidwa. Akulu a mpingo sindidawauze, ndipo sindikudziwa ngati ndidzalandira mgonero ukubwerawu. Makalata ako azidzera kwa Simoni, pakuti njira ndi yomweyo, ndipo uziyamba ndi moni wa kwa iye monga mwana amachitira. Pansi pake uziikapo kuti moni kwa a Zimba ndi kwa NyaPhiri, ine ndi amako tidzamva tokha. Kalata inoyi usapite nayo. Antonyo amawerenga, ndipo mitolo ya apaulendo imamasuka pa doko lililonse. Ukatha kuwerenga uwapatse amako aisomeke kutsindwi.

Koma dzinalo ukalivale, usakalimeze. Ndimamdziwa Simoni kuposa mmene amadzidziwira. Ali ndi ana aakazi odzaza nyumba ndi makina opanda wodzawasiyira, ndipo munthu amene amaona patali chonchija sabwereka mwana wa mnzake chifukwa cha chisoni chokha. Udzabwera, adzakulandira pa boma, adzakuikira mpando pakhonde pambali pake, adzakusonyeza mwana wake wachiwiri uja woseka ngati iye, ndipo udzapezeka kuti wakhala Lungu mpaka imvi. Mwina sizoipa. Mwina ndi nsanje yangayi ikuyankhula, ndipo amako akutero. Komabe ndikupempha, makina ako udzawaike pa Manyamula pano, pansi pa denga lako, ngakhale likhale la udzu, kuti anthu azidzati tikukasoketsa kwa Zimba. Ndikufuna ndidzamve mawu amenewo ndisanafe, ndipo ndikufuna Simoni adzawamvenso. Usakakhale mtchona, usakakwatire kumeneko n'kuiwala njira. Amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Za abambo mwambiwo sudanene kanthu, ndiye ndikudzinenera ndekha.

Zatsala za mawa. Gulu lanu likumana pa doko la Rukuru dzuwa likamatuluka, ndipo Simoni abwera ndi Antonyo kuchokera ku boma kudzakupereka m'manja mwake. Amako atsanzikana nawe pakhomo pano. Kumtsinje safika, chifukwa iwo akayamba kulira ngakhale wakhungu adziwa kuti mwanayu ngwa yani. Ndidaganiza zoti nanenso nditsale, koma sindingathe. Ndibwera ndi ng'ombe ngati ndikudzamwetsa, ndipo ndidzaima kumunsi kwa doko. Simoni adzakugwira dzanja, adzakupempherera, adzanena kuti mwana wanga uyu mumuyang'anire, ndipo ine ndidzakhala ndikumva. Usadzandiyang'anitsitse. Usadzanditchule adada. Podutsa udzandipatse moni monga umachitira ndi munthu wamkulu aliyense wa m'mudzi, udzati monire a Zimba, basi. Ine ndidzayankha monga timayankhira mwana wa mnzathu, ndidzati yewo Lungu, muyende makora. Ndayeserera mawu amenewa chichokere ku nyumba ya njerwa ija, ndipo mpaka pano sakutuluka bwino. Akadzandikanika mawa, iwe usadzaime. Udzawoloke.

Ndine amene ndidakubala,
Yotamu Zimba